Galu wanga akukana kudumphira m'nyanja kuchokera pa jeti: ndimuphunzitse bwanji?

Bambo wina wa ku Makawa, m'boma la Mangochi, ali ndi galu wa miyezi 5, wobadwa kwa galu wa mtundu wa Labrador ndi galu wa kumudzi. Kunyumba imene amayang'anira kuli jeti ya matabwa yolowa m'nyanja, pamene boti limakocheza. Galuyo amalowa m'madzi mpaka m'mimba akamachokera pamchenga, koma akafika kumapeto kwa jeti amangolira n'kubwerera m'mbuyo. Mwezi uno wa Malichi mphwawo anamukankhira m'madzi poganiza kuti mantha atha, ndipo kuyambira tsikulo galuyo safunanso ngakhale kuponda matabwawo. Bamboyo akufunsa ngati vutoli lingakonzedwe, ndiponso njira yoyenera yophunzitsira galu kudumpha.

Bambo, vutoli lingakonzedwe, malinga ngati zoipa zimene zinachitikira galuyo sizibwerezedwa. Chotero pempho langa loyamba n'lakuti muuze onse a pakhomo, makamaka achinyamata, kuti pasapezekenso womukankha, womuponya kapena womukoka ndi chingwe kupita kumapeto kwa jetiyo. Galu akamalowa m'nyanja kuchokera pamchenga, mapazi ake amamuuza kuya kwa madzi paliponse pamene waponda, ndipo akhoza kubwerera nthawi imene wafuna. Akaima pa jeti zinthu zimasintha, chifukwa pansi pake pali madzi onyezimira kapena oyera moti miyala ikuonekera, ndipo maso ake sangamuuze ngati akatera pa chinthu cholimba kapena chofewa, pafupi kapena patali. Kukana kwakeko ndi nzeru imene imasunga moyo wa nyama yoyenda pamtunda, ndipo sayenera kukalipiridwa chifukwa cha iyo. Mphwanu atamukankha, galuyo anaphunzira kuti kumapeto kwa matabwa n'kumene pansi pamathera mwadzidzidzi, ndiponso kuti munthu woima kumbuyo kwake ngosadalirika. Ntchito yanu yonse ikhala yofafaniza zimenezi mpaka galu afike podumpha mwa kufuna kwake, pakuti galu wodumpha mokakamizidwa amagwa molakwika, amamwa madzi, ndipo mawa lake amathawa akangoona mwayamba kulowera kunyanja.

Tisanakambe za maphunziro, pali nkhani imene kuno ku Mangochi imaposa zonse, ndiyo ng'ona. Ng'ona imakonda galu kwambiri, imamva kuthovuka kwa madzi ili patali, ndipo imaphunzira zizolowezi za nyama zimene zimabwera pamalo amodzi pa nthawi yofanana tsiku lililonse. Maphunziro odumpha ali ndi zonsezi: galu, phokoso la m'madzi, ndi kubwerezabwereza. Ndikanakhala kuti ndikuyankha munthu wa m'mbali mwa mtsinje wa Shire pafupi ndi boma, kapena wa ku nyanja ya Malombe, ndikanamuuza mosabisa kuti masewerawa awasiye, chifukwa kumeneko kuli ng'ona ndi mvuu zambiri ndipo madzi ake ngakuda moti sungaone chimene chikubwera. M'mbali mwa nyanja yaikulu muli malo a mchenga woyera kumene anthu amasamba tsiku ndi tsiku, koma ngakhale kumeneko ng'ona zimapezeka pafupi ndi bango ndi pamene mitsinje imathirira m'nyanja, makamaka m'nyengo ya mvula madzi akadetsedwa ndi matope. Funsani asodzi a padoko lanu ndi a komiti yawo, imene amaitcha BVC, ngati pakhala pakuoneka ng'ona m'miyezi yapitayi, ndipo mawu awo muwatenge ngati lamulo. Musaphunzitse galu mbandakucha, madzulo dzuwa likulowa, kapena usiku, ndipo musinthesinthe nthawi kuti pasakhale chizolowezi chimodzi.

Mukatsimikiza za ng'ona, yezani madziwo. Tengani nsungwi yaitali, muilembe zizindikiro, ndipo muyeze kuya kwa madzi kumapeto kwa jeti ndi pa mtunda wa mamita 5 kapena 6 kutsogolo kwake, osati pamalo amodzi okha. Pafunika madzi akuya mita imodzi ndi masentimita 20 kapena kuposerapo. Kenaka lowani nokha ndi kufufuza pansi, pakuti pa jeti zambiri zakale pamakhala zitsa za mitengo imene inathyoka, nangula, zingwe za boti, zidutswa za ukonde ndi mbedza, ndipo galu wokodwa mwendo mu ukonde amamira mofulumira kwambiri. Kuyeza kumeneku sikuchitika kamodzi. Nyanja ya Malawi imakwera mvula ikagwa, imafika pamwamba penipeni cha mu Epulo ndi Meyi, kenaka imaphwera pang'onopang'ono mpaka cha mu Novembala ndi Disembala, ndipo kusiyana kwake kumayandikira mita imodzi. Mukukumbukira mmene madzi anasefukira m'chaka cha 2024, nyumba ndi malo ogona alendo ambiri a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi atalowa madzi. Jeti imene lero ili pafupi ndi madzi ikhoza kukhala patali kwambiri pakutha pa chaka, madzi apansi pakenso ali osaya.

Kudumpha kwa agalu kuchokera pa jeti ndi masewera a mpikisano m'maiko ena. Anayambira ku America m'chaka cha 1997, ndipo miyeso imene amagwiritsa ntchito ikhoza kukuthandizani. Thandala lothamangirapo limakhala lalitali pafupifupi mamita 12, limatalikirana ndi madzi masentimita 60 okha, ndipo pamwamba pake amayalapo kapeti kapena udzu wochita kupanga kuti galu asaterereke. Poyeza mtunda amawerengera pamene tsinde la mchira lakhudza madzi, ndipo agalu akatswiri kwambiri amapitirira mamita 9. Chimene ndikufuna muchione apa ndi masentimita 60 amenewo. Ngati agalu ophunzitsidwa zaka zambiri sadumpha kuchokera pamwamba kuposa apo, jeti yotalikirana ndi madzi mita yathunthu kapena kuposa siyoyenera galu wanu, ngakhale atadzakula. Yang'ananinso matabwawo. Misomali yotuluka ikhomedwe, mipata imene phazi lingalowe itsekedwe, ndipo ndere zoterera zikwechedwe. Pa mamita atatu kapena anayi omalizira khomeranipo kapeti yakale kapena ziguduli, ndipo zikhomedwe zolimba, chifukwa chiguduli chongoyala chimatsetsereka galu akamakankha ndi miyendo yakumbuyo.

Tsopano msinkhu. Galu wa miyezi 5 akadali mwana. Mafupa aatali a miyendo yake amakulira kumapeto, ndipo malo amenewo amakhala ofewa mpaka kukula kutatha, zomwe kwa galu wa thupi lapakati zimachitika cha pa miyezi 12, pamene agalu aakulu kwambiri amafika mpaka miyezi 18. Madzi enieniwo savulaza kwenikweni. Chovulaza ndi kuthamanga ndi kukankha mwamphamvu pa thabwa lolimba mobwerezabwereza, kuterereka, ndi kugunda m'mphepete mwa jeti. Agalu a mtundu wa Labrador amadziwikanso ndi vuto la mfundo za m'chiuno ndi m'zigongono, chotero magazi amene galu wanu ali nawo ndi chifukwa china chosathamangira. Ngakhale ku mipikisano salola galu wosakwana miyezi 6. Maganizo anga ndi akuti mudikire mpaka akwanitse chaka asanayambe kudumpha ndi liwiro, ndipo simutaya kanthu podikira, chifukwa zimene zimatenga nthawi yaitali n'zimene zimabwera kudumpha kusanachitike. Onetsetsaninso kuti anabayidwa katemera wa chiwewe, amene amaperekedwa kuyambira pa miyezi 3 ndipo amabwerezedwa, komanso katemera wa matenda a agalu otchedwa parvo ndi distemper, ndi kuti akumwa mankhwala a njoka za m'mimba. Mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu akuthandizani pa zimenezi. Padoko pamadutsa agalu ambiri osabayidwa, ndipo kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri.

Galu sadumpha chifukwa chokonda kudumpha. Amadumpha chifukwa pali chinthu m'madzimo chimene akuchifuna kwambiri moti mantha achepa mphamvu. Chotero phunziro loyamba limachitikira pabwalo, kutali ndi nyanja. Sankhani choseweretsa chimodzi, muzichisunga pamalo amene galu sangafikepo, ndipo chizituluka pa nthawi ya masewera yokha. Chikokeni pansi kuti achithamangitse, mulimbirane naye pang'ono, mumulole apambane nthawi zina, kenaka muchiponye pafupi ndi kunena mawu amodzi, monga akuti "tenga". Akachibweretsa musamulande mwaukali. Mupatseni kausipa kouma kapena muyambenso kulimbirana naye, kuti aphunzire kuti kubwera kwa inu ndiye kupitiriza masewera. Lekani akadali ndi chilakolako, osati atatopa n'kuyamba kununkhiza zina. Ambiri amalephera apa chifukwa amasiya choseweretsacho pabwalo tsiku lonse, galu n'kuchitafuna mpaka kutopa nacho, kenaka n'kumadabwa kuti sakuchitsatira m'madzi. Pabwalo pomwepo muphunzitseni mawu akuti "khala", "dikira", "bwera" ndi "siya". Mwa onsewa, "bwera" ndi amene angadzapulumutse moyo wake tsiku limene boti la injini likuyandikira kapena mwaona chinthu chokayikitsa m'madzi.

Choseweretsacho chikhale choyandama, chofewa ndi chosakula kwambiri. Mpira wozungulira umachititsa galu kusambira atayasamula, motero amameza madzi ambiri, ndiye chinthu chachitali kapena chophwatalala chimene angachilume pakamwa patatsala pang'ono kutseka n'chabwino koposa. Kabotolo kapulasitiki kopanda kanthu, kotsekedwa bwino ndi kuvekedwa sokosi yakale yomanga mfundo, kamagwira ntchito ndipo sikalira ndalama, bola muzikasintha kakabooka ndipo musakasiye m'nyanja. Maso a galu amasiyanitsa bwino mtundu wachikasu ndi wabuluu, pamene chofiira amachiona chothimbirira, chotero pamadzi chinthu chachikasu kapena choyera chimaoneka msanga. Musagwiritse ntchito ndodo kapena bango, chifukwa galu akadumphira pa mtengo woima umamubaya kukhosi kapena m'kamwa. Musagwiritsenso ntchito zoyandamitsira ukonde. Galu amene waphunzira kuti zimenezo n'zake adzayamba kusambira kupita ku maukonde a anthu, ndipo mapeto ake ndi kukodwa kapena mlandu ndi asodzi.

Mwanena kuti amalowa mpaka m'mimba. Ndiye kuti sanayambe kusambira kwenikweni, ndipo apa ndi pamene muyenera kukhalitsa. Ana a m'mbali mwa nyanja amene timawaona akudumpha kuchokera m'bwato anayamba n'kusewera m'madzi ofika m'mawondo kwa nthawi yaitali, ndipo galu naye afunika njira yomweyo. Sankhani tsiku lopanda mafunde, lowani nokha m'madzi ofika m'chiuno, ndipo muitaneni ndi choseweretsa chija. Chiponyeni pamene angachifikire akuponda pansi, kenaka muzisunthira kutali pang'onopang'ono mpaka afike poti mapazi achoke pansi kwa kanthawi kochepa. Galu wongoyamba kumene amasambira ataimirira, mutu uli m'mwamba, miyendo yakutsogolo ikumenya madzi ndipo yakumbuyo ikulendewera. Kusambira kotere kumatopetsa msanga ndipo kumawonjezera mantha. Ikani dzanja pansi pa mimba yake, mukweze chiuno kuti msana ukhale wowongoka, ndipo mudzaona miyendo yakumbuyo ikuyamba kupalasa. Kunyamula chinthu kukamwa kumathandizanso chifukwa kumatsitsa mutu. Ngati mungapeze jekete yoyandamitsa ya agalu, yokhala ndi chogwirira pamsana, ndi yothandiza kwambiri pa nthawi imeneyi. Galu akhale atafika posambira mamita 15 kapena 20 mwakachetechete, madzi osathovuka, n'kutembenuka ndi kubwerera yekha, musanaganize za jeti. Si agalu onse amene angafike apa mosavuta: a mphuno yaifupi monga Bulldog ndi Pug, ndi olemera kwambiri pachifuwa, amavutika m'madzi, koma wanu, pokhala ndi magazi a Labrador, agalu amene makolo awo ankathandiza asodzi ku Newfoundland, ku Canada, ali ndi mwayi.

Chimene eni agalu ambiri amaiwala ndi potulukira. Galu akagwera m'madzi amayesa kutulukira pomwe walowera, ndipo pa jeti zimenezi sizitheka. Amapalasa mizati, zikhadabo n'kuthyoka, mphamvu n'kutha ali pomwepo. N'kutheka kuti zimene zinamuopsa kwambiri tsiku limene anakankhidwa sizinali kugwako koma kusowa potulukira. Chotero muyenera kumuphunzitsa njira yobwerera asanadumphe n'kamodzi komwe. Sambirani naye kuchokera pamchenga, m'mbali mwa jeti, mpaka kumapeto kwake, kenaka mutembenuke ndi kumutsogolera kubwerera kumchenga, ndipo mphotho aipeze kumeneko. Chitani zimenezi mbali zonse ziwiri za jeti, masiku angapo, mpaka muone kuti akafika kumapetoko akutembenukira kumtunda yekha osayang'ana mizati. Ngati jetiyo ndi yaitali kwambiri moti kubwerera n'kutali, konzani thabwa lalikulu lotsetserekera m'madzi, lokhomedwa timitengo topingasa topondapo, ndipo mbali yake yapansi imire ndithu kuti miyendo yakumbuyo ipeze pogwira. Musamulole kusambira pansi pa jeti, chifukwa funde likhoza kumugunditsa ku matabwa.

Pa nthawi yomweyi, kuwonjezera pa maphunziro osambira, yambani kumubwezera chikhulupiriro pa matabwawo. Kwa masabata angapo jeti ikhale malo odyerapo ndi opumirapo basi. Ikani mbale yake ya chakudya pa thabwa loyamba, pafupi ndi mchenga, ndipo mukhale pansi chapatali osamuitana mokakamiza. Akadya bwino masiku awiri kapena atatu, sunthani mbaleyo pang'ono. Akakana, ndiye kuti mwasuntha kwambiri, bwererani pamene anali womasuka. Inu muzikhala kutsogolo kapena pambali pake, osati kumbuyo, ndipo mphwanu aja atengeko mbali pomupatsa chakudya ali chikhalire, kuti galuyo asiye kuwaona ngati munthu woopsa. Mudzadziwa kuti mantha atha pamene galu wayamba kuyenda yekha mpaka kumapeto, mchira uli womasuka, n'kugona pansi akuyang'ana madzi. Galu woyenda chokwawa, mchira uli pakati pa miyendo, akunyambita milomo ndi kuyasamula pafupipafupi, sanakonzeke, ngakhale atalandira chakudya m'manja mwanu.

Kudumpha koyamba kusachitikire pa jeti. Pezani mwala wophwatalala wosaterera, kapena ikani thandala laling'ono la matabwa m'madzi ofika m'chiuno, lotsamira bwino ndi miyala kuti lisagwedezeke, pamwamba pake pali pafupifupi mulingo umodzi ndi madzi. Galu akwerepo, inu muime m'madzi kutsogolo kwake, ndipo muike choseweretsa pamene sangachifikire ndi khosi lokha. Poyamba adzatsetsereka chamimba, ndipo palibe cholakwika. Mukachisunthira kutali pang'ono adzayamba kukankha ndi miyendo yakumbuyo, ndipo kumeneko ndiye kudumpha. Pamalo amenewa ndi pamene amazolowera chinthu chimene agalu ambiri amadana nacho, chomwe ndi kumira mutu kwa kamphindi ndi kulowa madzi m'mphuno. Akazolowera, kwezani thandalalo kufika masentimita 15, kenaka 30, ndipo musakweze kawiri pa tsiku limodzi. Izi mukhoza kuziyamba galu ali ndi miyezi 8 kapena 9, chifukwa palibe kuthamanga ndipo pamene akudumphira m'pafupi.

Tsiku lopita pa jeti yeniyeni mukhale anthu awiri. Amene galu amamukonda kwambiri akhale m'madzi, chapambali pang'ono pa malo oterapo kuti galu asamugwere, ndipo winayo akhale pa jeti, pambali pa galu, manja osamukhudza. Vulani tcheni kapena lamba wa m'khosi amene angakole pa msomali, ndipo pasakhale chingwe chilichonse chomangidwa. Yambani ndi kusambira kawiri kapena katatu kuchokera pamchenga kuti thupi lifunde ndiponso likhale litanyowa kale, chifukwa galu wonyowa sazengereza ngati wouma. Kenaka muimikeni kumapeto kwenikweni kwa jeti, osati kutali, mumuonetse choseweretsa, ndipo muchiponye pa mtunda wa mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri. Mtunda umenewu ngofunika. Mukachiponya pafupi kwambiri, galu amayang'ana pansi n'kugwa chamutu; mukachiponya patali, amaona kuti sangachifikire ndipo amasankha kuzungulira. Adzalira, adzapalasa matabwa, adzaweramira kutsogolo n'kubwereranso. Mulimbikitseni ndi mawu osangalala, wa m'madziyo agwedeze choseweretsacho pang'ono, koma musamugwire. Ngati mphindi imodzi yatha asanadumphe, tengani choseweretsacho mwakachetechete, bwererani pa thandala laling'ono lija, adumphe kumeneko, ndipo mutsirize tsikulo atapambana.

Akathamanga kubwerera kumchenga n'kusambira kukatenga choseweretsacho, musakhumudwe ndipo musamutsekere njira. Zikusonyeza kuti chilakolako chilipo ndipo njira ya m'madzi akuidziwa, chatsala ndi kulimba mtima kokha. Chimene mungachite ndi chakuti wa m'madziyo atole choseweretsacho galu asanafike, popanda kumukalipira, kuti aphunzire kuti njira yozungulira ilibe phindu, koma izi zichitike kawiri kapena katatu kokha pa tsiku, chifukwa zikachuluka galu amataya chidwi. Galu wina wodziwa kale kudumpha amathandiza kwambiri, pakuti nsanje yoona mnzake akutenga choseweretsa imagonjetsa mantha mofulumira kuposa mawu a munthu. Koma adumphe mmodzimmodzi, winayo atagwiridwa, chifukwa agalu awiri odumphira pamodzi amagwerana ndi kumizana. Akadumpha koyamba, musangalale naye kwambiri, mumuperekeze kumchenga, ndipo mukhoza kubwereza kamodzi kokha. Chiyeso chofuna kuitana anthu onse a pakhomo kuti aone chimakhala chachikulu, koma phokoso la gulu pa tsiku limeneli limabweza m'mbuyo ntchito ya miyezi.

Liwiro limabwera pambuyo. Galu akamadumpha mosazengereza ali chiimire, mubwezeni m'mbuyo mita imodzi, kenaka iwiri, kenaka itatu, mukumuuza kuti adikire. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi yoponya choseweretsa galu ali nanu kumapeto kwa jeti kuti aone pamene chagwera, kenaka n'kubwerera naye m'mbuyo ndi kumumasula. Iyi ndi yosavuta ndipo ndi imene ndingakulangizeni. Yachiwiri ndi yomusiya atakhala kumbuyo, inu n'kuima kumapeto, kumuitana, ndi kuponya choseweretsa m'mwamba patsogolo pa mphuno yake pamene akufika, kuti achitsatire mumlengalenga. Imatulutsa kudumpha kwakutali koma imafuna dzanja lodziwa nthawi, ndipo kuponya molakwika kumachititsa galu kupotokola thupi n'kugwa chammbali. Mukaona kuti akunyamuka akadali kutali ndi kumapeto, kapena akuchepetsa liwiro akayandikira, fupikitsani mtunda wothamanga.

Galu wokonda madzi sadziwa kuleka, chotero woleka ndinu. Kudumpha kanayi kapena kasanu pa ulendo umodzi n'kokwanira, ndipo nthawi yonse ya m'madzi isapitirire mphindi 10 kapena 15 asanapume. Pali vuto limene anthu ambiri salidziwa: galu amene wameza madzi ochuluka kwambiri, mchere wa m'magazi mwake umasungunuka mopitirira, ndipo ubongo umatupa. Zizindikiro zake ndi kusanza, kudzandira, kutupa mimba, kutuluka dovu kwambiri, nkhama zotuwa ndi maso ooneka ngati sakuona. Vutoli limapha msanga, ndipo galu wotere apite kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo. Musamusambiritsenso atangodya kumene. Padutse maola awiri. Akatuluka, mutsukeni ndi madzi oyera ndipo mupukute m'makutu ndi kansalu kouma, osalowetsa kanthu mkati, chifukwa makutu ogwa ngati a Labrador amasunga chinyezi ndipo amayamba kununkha ndi kuyabwa. Nthawi zina galu wosambira kwambiri amadzuka mchira uli lende ndiponso ukupweteka. Kawirikawiri zimatha pa masiku ochepa akapuma, koma zikapitirira akaonedwe. Inunso mudzisamale, Bambo, chifukwa mukhala mukuima m'madzi nthawi zambiri, ndipo likodzo ndi lofala m'mbali mwa nyanja kuno, makamaka pamene pali bango ndi nkhono. Mukaona magazi mu mkodzo pitani kuchipatala, kumene kuli mankhwala a praziquantel, ndipo ndi bwino kukayezetsa ngakhale musanaone chizindikiro.

Ganiziraninso anthu amene mumagwiritsa nawo ntchito nyanjayo. Padoko amayi amatsuka mbale, kuchapa ndi kutunga madzi, ndipo anansi athu ambiri kuno ku Mangochi ndi Asilamu, amene malovu a galu akawakhudza pathupi, pachovala kapena pachiwiya amayenera kutsuka asanapemphere. Galu wonyowa amene akuthamanga ndi kudzikutumula pakati pa anthu otere amabweretsa udani umene mukanaupewa. Sankhani nthawi imene padoko palibe anthu ambiri, mumugwire ndi chingwe popita ndi pobwera, mutole chimbudzi chake, ndipo musamulole kuyandikira thandala loyanikapo usipa, makamaka popeza mwamuzoloweza kukoma kwake. Mukadzafuna kupita naye ku Cape Maclear, funsani kaye oyang'anira Lake Malawi National Park, chifukwa m'malo otetezedwa muli malamulo okhudza ziweto.

Pali agalu ena amene amasambira bwino moyo wawo wonse koma osafuna kudumpha, ndipo ngati wanu atakhala wotero mutachita zonsezi, musiyeni azisambira kuchokera pamchenga. Koma poona kuti amalira akaima kumapeto m'malo mongochokapo osalabadira, ndikuganiza kuti chilakolako ali nacho. Malinga ndi msinkhu umene mwatchula, anabadwa cha mu Okutobala. Gwiritsani ntchito Epulo ndi Meyi pa kusambira ndi kuphunzira potulukira, madzi akayamba kuyera. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imautsa mafunde, chotero masiku oipa muziphunzira pabwalo ndi kudyera pa jeti, ndipo akafika miyezi 8 kapena 9, masiku abata muzipita pa thandala laling'ono. Akamakwanitsa chaka mu Okutobala mwera udzakhala utatha ndipo madzi adzakhala ofunda, koma nyanja idzakhala itaphwera, ndiye muyezenso kuya ndi kutalika kwa jeti ndi nsungwi ija. Mwezi umenewo matabwa ndi mchenga zimatentha moti zimawotcha mapazi a galu, chotero ikani kuseri kwa dzanja lanu pa thabwa kwa masekondi angapo, ndipo ngati simungapirire, thiranipo madzi kapena dikirani tsiku lina m'mawa dzuwa litakwera pang'ono.